"Wamkachisi amadya zamkachisi": mwambi umenewu ndi wa makolo kapena taupeka tokha?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili mu komiti ya chitukuko ya kwathu, ADC. Sabata yatha timakambirana za buloko ya sukulu yomwe ikumangidwa ndi ndalama za khonsolo. Atabweretsa makotesheni atatu a simenti ndi malata, ndinaona kuti onse analembedwa ndi dzanja limodzi, ngakhale 7 wake wodula pakati anali yemweyo. Sitolo yomwe inapambana ndi ya akazi awo a khansala athu. Nditafunsa, mkulu wina anangoti, "Aphunzitsi, wamkachisi amadya zamkachisi." Anthu anaseka, nkhani nkuthera pomwepo, tinalandira fanta ndi mabanzi.

Funso langa si la simentiyo. Mawu amenewa anachokera kuti? Agogo anga anali munthu wa miyambi koma sindinawamvepo akuwanena. Tanthauzo lake lenileni ndi lotani?

Mkulu wa mpingo:
Achimwene, amenewo ndi mawu a m'Baibulo, 1 Akorinto 9:13. Paulo ankanena kuti otumikira m'kachisi amadya za m'kachisi. Koma owatchula ambiri sawerenga mpaka vesi 15, pomwe Paulo yemweyo akuti iye sanagwiritse ntchito ufulu umenewo. Ku Korinto ankasoka mahema.

Chinanso, gawo la wansembe linali lodziwika. Levitiko 7 amatchula nganga ndi ntchafu ya kumanja. Wobwera ndi nsembe ankadziwa chomwe chipite kwa wansembe asanachoke nkomwe pakhomo pake. Amene anayamba kudzisankhira ndi ana a Eli, Hofeni ndi Pinehasi, pa 1 Samueli 2. Mnyamata wawo ankapisa ngowe ya mano atatu mumphika nyama ikuwira, chomwe chakodwa nkutenga. Kenako anayamba kufuna nyama yaiwisi mafuta asanatenthedwe, munthu akakana ankati tilanda. Makotesheni anu atatuwo andikumbutsa mano atatu amenewo.

Agogo a kuchigwa:
Abusa, musatilande mawu athu. Kachisi analipo Baibulo lisanafike. Omasulira anachita kubwereka liwulo kwa ife. Kwathu kuno ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ndipo Achewa anali ndi wa Makewana ku Msinja. Ngakhale m'midzi wamba munkakhala kanyumba kakang'ono ka udzu patsinde pa mtengo, kothirirako nsembe mvula ikavuta. Ufa ndi mowa zinkasonkhedwa ndi mudzi wonse. Wosunga pamalopo ankalawa ndithu, sindikana. Koma ankalawa anthu akuona, ndipo sankagulitsa mapira ake kwa anthu obwera kudzathira nsembe. Akanatero, mvula ikakanika mudzi wonse ukanadziwa pakhomo popita.

Wofunsa:
Zikomo agogo. Ndiye kuti liwu ndi lathu, chiganizo ndi cha Paulo?

Agogo a kuchigwa:
Eya mwanawe. Koma kaseka kamene anaseka anzakowo ndi ka masiku ano.

Wakabaza:
Inu mukuiona nkhaniyi muli pamthunzi. Khansala amalandira zingati? Maliro akagwa m'wodi, bokosi ndi iye. Mayi akadwala usiku, foni imalira kwa iye. Ena a ife timawanyamula pangongole. Ndiye mkazi wake atseke sitolo chifukwa mwamuna anawina chisankho? Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Simentiyo ikanagulidwabe kwa munthu wina, bola wakwathu.

Mayi wa ku akaunti:
Bambo a kabaza, mfundo yanu ya maliro ndi yoona, ndipo ndi ife ovota amene tinawazoloweza zimenezo. Koma palibe amene akuti sitolo itsekedwe. Ndinagwirapo ntchito kukhonsolo ina zaka zingapo. Lamulo silikuletsa kukhala ndi bizinesi. Chomwe limafuna nchakuti ngati nkhani yomwe ili patebulo ikukhudza thumba lako kapena la m'bale wako, unene poyera, zilembedwe m'maminitsi, usakhale nawo pogamula. Zili mu Corrupt Practices Act, lamulo lomwe linakhazikitsa ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Ndipo kuyambira 2013 pali lamulo loti akuluakulu a boma ndi osankhidwa azilembetsa chuma ndi mabizinesi awo.

Ndiponso khansala si wogula. Kugula ndi ntchito ya ogwira ntchito a kwa DC kudzera mu komiti yawo yogula zinthu, IPDC. Khansala ntchito yake nkuvomereza bajeti, kenako nkupita kukaona ngati khoma lili lowongoka. Tsono tangoganizani: khoma lachita mng'alu chifukwa matumba 200 analembedwa koma anafika 150. Wofunsa mafunso pa msonkhano wa khonsolo ndi ndani? Mwamuna wa wogulitsa. Madzulo akadya nsima mbale imodzi. Mwambi woyenera apa ndi woti mapanga awiri avumbwitsa, kungoti wovumbwayo sakhala khansala, amakhala mwana wa Sitandade 2.

Mtolankhani wopuma:
Tisaiwale kuti ukhansala wa matipate ambiri ndi wachichepere. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda khansala mpaka 2014. Zaka zonsezo makhonsolo ankayenda popanda makhansala owayang'anira. Mu 2010 aphungu anadzipatsa mphamvu yovota m'makhonsolo, uku akuyendetsanso CDF, ndalama ya chitukuko cha m'dera la phungu, yomwe iwo omwe amaivomereza ku Nyumba ya Malamulo. Mu May 2025 khoti linagamula kuti zimenezo zikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chifukwa munthu sangakhale wogawa ndalama, wozigwiritsa ntchito, komanso wofufuza momwe zayendera. Khansala wanuyo anangoonera kwa akulu ake.

Wakabaza:
Chabwino amayi, atuluke panja pogamula. Koma otsala m'chipindamo sakumudziwa? Atuluka inde, koma fungo lake litsala.

Mayi wa ku akaunti:
Pamenepo mwanena zoona. Komabe zikalembedwa, ma odita akabwera amapeza poyambira. Zosalembedwa zimathera pa fanta.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse. Abusa, nkhani ya ngoweyo ndaikopera m'kope. Koma pali chimodzi chomwe sindinanene poyamba, ndipo chandisowetsa tulo. Mchenga wa buloko yomweyo akututa ndi ngolo ndi mwana wa amalume anga. Dzina lake ndinalitchula ndine pa msonkhano wa mwezi wa June, ndipo palibe anatsutsa. Mtengo wake ndi wabwino, ngolo zake zimadzaza, ndinadzionera ndekha. Sindinalandirepo kanthu, kupatula nkhuku yomwe anabweretsa kunyumba ntchito itayamba, yomwe tinadya kale.

Msonkhano wina uliko Lachinayi. Amayi a ku akaunti, ndiyambe ndi za simenti kapena za mchenga?

Mayi wa ku akaunti:
Za mchenga, aphunzitsi. Ndipo nkhukuyo muitchule, alembi alembe.