Zoonjezera pa funso langa la abusa a Puritan

Ndinafunsa pano kuti abusa a Puritan (Apulotesitanti amene ankafuna kuyeretsa mpingo wa Anglican ku miyambo yachikatolika) anathera kuti Charles II atakhala pampando wachifumu ku England mu 1660. Zikomo nonse amene munayankha, ndapezanso zina.

Lamulo la 1662 linkafuna kuti m'busa aliyense avomereze zonse za m'buku la mapemphero la mpingo wa Anglican. Pafupifupi 2,000 anachotsedwa pa ubusa, ndipo ambiri anayamba kulalikira m'nyumba za anthu. Mu 1664 boma linaletsa mapemphero otere ngati pasonkhana anthu oposa asanu kupatula eni nyumba. Mu 1665 linawaletsanso abusawo kufika mamailosi asanu pafupi ndi kumene ankatumikira kale. Kwa ine lamulo limeneli ndilo linaposa nkhanza, chifukwa linawalekanitsa ndi akhristu a m'mipingo yawo.

Analoledwa kupembedza poyera mu 1689, koma Akatolika anasiyidwa kunja.