Zosintha za CSS mu Inspect zikumafufutika ndikapanga refresh

wophunzira_web:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonza tsamba la WordPress. Ndikadina kumanja pa batani n'kusankha Inspect mu Chrome, ndimasintha mtundu ndi kukula kwa zilembo bwinobwino, koma ndikangopanga refresh zonse zimabwerera mwakale. Mizere inanso yomwe ndikulemba ikumaoneka yokhwatchidwa. Ndikulakwitsa pati?

katswiri_wa_masamba:
Palibe chomwe mwalakwitsa, achimwene. DevTools (zida zomwe zimatseguka mukasankha Inspect) imasintha zomwe browser yanu yatsitsa kale, fayilo ya pa seva siyikhudzidwa. Mukakhutira ndi maonekedwe, dinani kumanja pa lamulo la CSS (mizere ya maonekedwe) lomwe mwasinthalo mu Styles, sankhani Copy rule, mukaliike ku Appearance > Customize > Additional CSS. Musaliike mu style.css ya theme, chifukwa theme ikadzalandira update zonse zidzafufutika. Zosintha zikachuluka, pangani child theme, theme yaing'ono yosungira zosintha zanu pamwamba pa theme yaikulu.

Ngati mukufuna zizikhalabe pamene mukuyeserera, pitani ku Sources > Overrides, sankhani foda yopanda kanthu, muvomereze Allow. Kungoti zimenezo mumaziona nokha pa kompyuta yanu; alendo a tsambalo akuonabe zakale.

mayi_frontend:
Za mizere yokhwatchidwayo: lamulo lanu lagonja kwa lina lamphamvu. ID imaposa class, class imaposa dzina la tag, ndipo malamulo awiri akafanana mphamvu, lomwe lili m'munsi ndi limene limagwira. Tsegulani Computed, mutambasule property yomwe ikukuvutaniyo, muona lamulo lomwe lapambana ndi fayilo yake. Pakakhala kachizindikiro kachikasu pambali pa mzerewo, vuto ndi kalembedwe: mwina mwalemba colour m'malo mwa color, kapena 16 wopanda px.

Samalani kwambiri ndi kabokosi ka element.style komwe kali pamwamba penipeni. Chilichonse cholembedwa mmenemo chimapambana pafupifupi malamulo onse, ndiye mumaona ngati zatheka. Mukakopera ku Additional CSS mphamvu ija kulibe, batani n'kukhala momwe linalili. Dinani + mupange lamulo latsopano ndi selector (dzina lolozera chinthu chomwe mukusintha, monga .button) yeniyeni yomwe mudzagwiritse ntchito. Ngati .button ikugonja, yesani .site-header .button musanathamangire !important, mawu okakamiza mzere kupambana. Ameneyo akalowa m'fayilo, mawa mudzafuna wina woti amugonjetse.

wophunzira_web:
Zikomo amayi, ndimalembadi mu element.style. Nanga mtundu wa batani mouse ikakhala pamwamba pake ndiuona bwanji? Ndikasuntha mouse umachoka.

katswiri_wa_masamba:
Dinani :hov mu Styles muchonge :hover, ukhazikika. Pa manambala musamalembe mobwerezabwereza: muvi wokwera umawonjezera 1, ndi Shift 10, ndi Alt 0.1. Musanasindikize, dinani Ctrl+Shift+M muone tsambalo pa 360px, poti ambiri adzalitsegula pa foni. Mukasindikiza koma osaona kusintha, yesani Ctrl+Shift+R. Zikakanikabe, tsukani cache (makope a tsamba osungidwa kale) ya plugin ngati muli nayo.