Kusindikiza komiki yokagulitsa ku Comic Con Africa

Funso: Akuluakulu, komiki ya masamba 22 yokagulitsa ku Artist Alley (malo amene ojambula amagulitsirapo ntchito zawo pa chionetsero cha makomiki cha Comic Con Africa), Johannesburg, ikonzedwe bwanji isanapite kosindikiza?

Yankho: Achimwene, 22 siitheka mukamanga ndi stepula. Pepala limodzi lopinda pakati limapereka masamba 4, ndiye fikitsani 24.

Yankho: Siyani bleed (mbali ya chithunzi yopitirira mzere wodulira pepala) ya 3mm mbali zonse. Mpeni wodulira umaphonya pang'ono, ndiye popanda bleed m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Fayilo ikhale CMYK (mitundu inayi ya inki zosindikizira), 300 dpi (madontho 300 pa inchi). Mukatumiza RGB (mitundu ya pa sikirini), buluu wowala uja amatuluka wozilala.

Yankho: Zilembo za m'mabaluni zikhale zakuda za K yekha (inki yakuda ya mu CMYK). Mukasakaniza inki zinayi, mitundu ikasemphana pang'ono tizilembo timaoneka ngati tagwedezeka. Pemphaninso kope limodzi loyesera musanalipire onse.