Beetle ya 1972 ikuzima ndikangogwedeza kiyi

Gift: Akuluakulu, galimoto ya Volkswagen Beetle iyi yandizunguza mutu. Batire ili pa 12.6 volts, sitata ndi yabwino, ndikalumikiza 30 (polowa moto wochokera ku batire) ndi 50 (polowa waya wolizira wochokera ku kiyi) pa solenoid, switchi ya pa sitatayo, ikuzungulira pompo. Koma pa kiyi zii, pa 50 pakungofika 9. Ikalira mwamwayi, ndikangogwedeza kiyi timagetsi ta oyilo ndi jenereta tikuphethira, injini n'kuzima. Mwini wake akukana kusintha kiyi, akuti ndi ya ku fakitale.

Che Jafali: Ndi ethi imeneyo. Onani lamba wa ethi, waya wobweza moto uja wochoka pa giyabokisi kupita ku chasisi.

Gift: Madala, lambayo ndapala, akuchita kuwala.

Mayi a Tadala: Achimwene, kiyi simusintha ayi. Kumbuyo kwa loko kuli kachigawo ka mawaya kapadera, kogwidwa ndi kasikuluwu kakang'ono, n'komwe kamapsa mkati. Ikani tesita pa 15 ya koyilo (polowa moto kiyi akakhala on), mugwedeze kiyi. Ikaphethira pamene 30 ili nji, mwapeza. Musanamasule chotsani batire, waya wa 30 alibe fyuzi. Akangokhudza bodi ndi utsi mpaka kumbuyo.

Sipanala 13: Ikani relay, kaswitchi kotenga moto molunjika ku batire, pafupi ndi sitata basi. Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, moto umapita kutsogolo ku switchi n'kubwereranso, umafika utafooka.

Mayi a Tadala: Relay ithandiza 50. Nanga kuzimako? Kumeneko ndi 15.

Che Jafali: Ethi. Mwapala mbali ya giyabokisi, nanga ya ku chasisi? Ana inu mumathamangira kugula zinthu.

Bambo Nkhoma: Chonde musayerekeze kuika batani lolizira m'malo mwa kiyi n'kumayenda kiyi ali m'thumba. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye anachita zimenezo, loko wa chiwongolero anagwira pakona, galimoto n'kulowa m'ngalande. Komanso poyesa musasiye kiyi ali on nthawi yaitali, mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka moto wa koyilo) akakhala otseka koyilo imaphika. Ndipo polumikiza pa solenoid muzionetsetsa kuti ili fulii, muli pansi pake pajatu.

Sipanala 13: Ine yanga inayaka chifukwa cha masipuling'i a mpando wakumbuyo. Kunakhala munthu wonenepa, masipuling'iwo anagunda mitu ya batire yosavindikira. Zonse zija za udzu wa mumpando, phulusa.

Bambo Nkhoma: Mpando umenewo wapsereza ambiri. Mipando yake mukuipeza masiku ano?

Che Jafali: Gift, mwayeza ethi ya ku chasisi ija kapena ayi?