Kodi bungwe laling'ono lingamveke bwanji ku United Nations?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito m'bungwe laling'ono lomwe si la boma, lothandiza alimi omwe minda yawo imakokoloka ndi madzi osefukira. Ndikufuna kudziwa kuti mawu a mabungwe ngati lathuli amafika bwanji kumene maiko amamanga mfundo zokhudza dziko lonse.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi nkhani ya mabomba okwirira pansi. Mabungwe 6 okha ndiwo adayambitsa kampeni ya ICBL, yofuna kuti mabombawa aletsedwe pa dziko lonse, mu 1992, ndipo pofika Disembala 1997 maiko adasaina pangano la Ottawa loletsa mabombawo. Chaka chomwecho ICBL ndi Jody Williams, yemwe ankatsogolera kampeniyi, adalandira mphoto ya Nobel. Abale athu a ku Mozambique phindu lake akulidziwa bwino.

Komatu anzathuwo anali ndi boma la Canada kumbuyo kwawo. Ife tilibe wotigwira dzanja.

Ndawerenga kuti ECOSOC, nthambi ya United Nations yoona za chuma ndi chitukuko cha anthu, imalola bungwe lomwe latha zaka 2 lili lolembetsedwa kupempha mwayi wopereka maganizo, ndipo komiti ya maiko 19 ndiyo imaunika pempholo. Alipo pano amene adadutsamo? Zidakutengerani nthawi yaitali bwanji? Nanga mutalowa, nthumwi za maboma zimakumveranidi, kapena ndi bwino kungolowa mumgwirizano waukulu wa mabungwe ngati Climate Action Network, womwe umalimbana ndi kusintha kwa nyengo?