Ndani anatengapo ngongole ya Kiva kuno ku America?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuphikira anthu pa maukwati ndi pa maliro: nsima, nkhuku, mandasi, ndi chambo akapezeka. Maoda achuluka moti khitchini yanga yachepa. Ndikufuna kuchita lendi malo ophikira ovomerezeka ndi a zaumoyo, komanso kugula firiji yaikulu.

Ku banki ina anandibweza, akuti mbiri yanga ya ngongole ndi yaifupi. Za chipereganyu chathu nazo sizingakwane.

Ndamva kuti Kiva imabwereketsa mpaka $15,000 popanda chiwongoladzanja, koma poyamba umayenera kupeza anthu ako angapo oti akubwereke $25 aliyense. Apa ndi pamene pakundichititsa manyazi, mukudziwa mmene nkhani imayendera pakati pathu. Alipo amene anadutsamo? Zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti ndalama ifike?

Nanga mabungwe aja otchedwa CDFI, amene amabwereketsa anthu okanidwa ndi mabanki, amafuna mapepala ati? Alangizi aulere a ku SCORE amathandizadi kulemba pulani ya bizinesi, kapena ndingojomba kuntchito pachabe? Chonde ndiuzeni zimene munaona.