Kodi maphunziro a chitetezo pa ntchito tiziwachita Loweruka popanda malipiro?

Wa ku Ntcheu, City Deep:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno. Ndimagwira ntchito pa malo osungira katundu ku City Deep, mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo tilipo anthu 38, ambiri mwa ife ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Mwezi watha anzanga anandisankha kukhala wowaimira pa za umoyo ndi chitetezo, amene kuno amati safety rep. Tsopano abwana akuti maphunziro a udindowu adzachitika Loweruka ndipo tsikulo silidzawerengedwa pa malipiro, komanso akuti ndalama ya nsapato zodzitetezera adzaidula kumapeto kwa mwezi. Kodi lamulo likutero?

Mayi wa ku Rosettenville:
Achimwene, lamulo silikutero ayi. Nkhani zimenezi zili mu Occupational Health and Safety Act ya mu 1993, lamulo la dziko lino la za umoyo ndi chitetezo pa ntchito. Gawo 17 likunena kuti pamalo pamene pali antchito oposa 20 payenera kukhala wowaimira, ndipo gawo lomwelo likulamula kuti kusankhidwa kwake, ntchito zake ndi maphunziro ake zichitike pa nthawi ya ntchito, kotero kuti maola amene muli m'kalasi awerengedwe ngati munali pa ntchito yanu ya masiku onse. Za nsapato zili mu gawo 23: bwana saloledwa kulipiritsa wantchito pa chinthu chimene lamulo likumukakamiza kupereka pofuna kuteteza moyo wake. Popeza mulipo oposa 10, pafunikanso munthu mmodzi wokhala ndi satifiketi ya chithandizo choyamba amene azipezeka msanga nthawi yonse ya ntchito. Ndipo ngati pali forklift, galimoto yonyamulira katundu wolemera, funsani ngati amene amaiyendetsa anaphunzira ndipo satifiketi yake sinathe mphamvu, chifukwa pa malo ngati anuwo galimoto imeneyi imayenda pakati pa anthu tsiku lonse.

Mmisiri wa zomangamanga, Midrand:
Zimene anena mayiwa n'zoona, koma ine ndikufuna mukakamire chinthu china chimene chimandipweteka mtima kuposa tsiku la Loweruka. Ndakhalapo pa maphunziro ambiri pamene mphunzitsi amalankhula Chingerezi chothamanga kwa mphindi 40, kenako pepala limazungulira, aliyense n'kusaina. Pepalalo limalowa m'faelo, ndipo woyendera malo wa ku Department of Employment and Labour, unduna wa za ntchito, akabwera amaona kuti zonse zili bwino, pamene mnyamata amene wangofika kuchokera kumudzi sanamve ngakhale mawu amodzi. Tsiku lina ndinaona mnzathu atavala lamba wodzitetezera pamwamba pa nyumba, koma chingwe chake sanachikolowetse paliponse. Anasaina kuti anaphunzira, ndipo palibe amene anamuonetsa ndi manja. Tonse tikukumbukira nyumba imene inagwa mu mzinda wa George kuno ku South Africa pa 6 Meyi 2024 n'kupha anthu 34, ena mwa iwo abale athu a ku Malawi. Sindikunena kuti chinagwetsa nyumbayo ndi chilankhulo, koma kuyambira pamenepo sindisainanso chinthu chimene anzanga sanachimvetse. Inuyo monga wowaimira, pemphani kuti pakhale womasulira m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, ndiponso kuti chozimira moto aliyense achigwire yekha.

Bambo wachikulire, Turffontein:
Mwana wanga, ukhale ndi ulemu polankhula ndi abwanawo, koma zonse uzilembe. Uwalembere kalata yaifupi yotchula magawo awiri amene wauzidwawo, ndipo usunge kope lake. Gawo 26 la lamulo lomwelo likuletsa kuchotsa ntchito kapena kuchepetsa malipiro a munthu chifukwa choti wapereka uthenga kwa woyendera malo. Ufunsenso ngati kampani yanu inalembetsa ku Compensation Fund, thumba la boma lopereka chipepeso kwa ovulala pa ntchito, popeza wina akavulala bwana ayenera kupereka lipoti pasanathe masiku 7, ndipo wovulalayo ayenera kunena za ngoziyo shifiti yake isanathe ngati angathe kutero.

Wa ku Ntcheu, City Deep:
Zikomo kwambiri nonse. Kalatayo ndiilemba usiku uno ndipo ndikaipereka Lolemba m'mawa. Za womasulira sindinaziganizirepo, koma tili ndi mnzathu wa ku Tete amene amalankhula bwino Chinyanja ndi Chipwitikizi, ndiye ndiyamba ndamufunsa iyeyo ngati angavomere.